Chipisi cha pa Chiwaya: Mutu Woyenera Mtsutso wa Ana Athu a Sukulu

Aliyense woyenda pa msewu waukulu wa M1 kuchokera ku Kasungu kulowera ku Mzuzu amazindikira kuti wafika pa Jenda asanawerenge n'komwe chikwangwani. M'mbali mwa msewu muli milu ya tomato, anyezi, kabichi ndi mbatata ya kachewere imene eni dera amaitcha katofeni, ndipo kuseri kwa miluyo kumatolotoka utsi wa ziwaya. Ndi chimodzimodzinso pa depoti ya pa boma la Mzimba, pa Embangweni, pa Edingeni ndi pa Luwerezi. Pamene pasonkhana anthu, pali mnyamata wotembenuza chipisi m'mafuta, wina akuotcha kanyenya, ndi mayi wa beseni la mandasi ndi zitumbuwa. Pakati pa ogula, ambiri avala yunifolomu ya sukulu.

M'masukulu athu a sekondale muli mwambo wabwino wa mtsutso, pamene ophunzira amagawika pawiri, ena kuvomereza mutu ndipo ena kuukana. Tsono tiyerekeze kuti gulu la mtsutso la pa Mzimba Secondary School, kapena la pa Robert Laws ku Embangweni, lapatsidwa mutu wakuti, chakudya chokazinga chogulitsidwa m'mbali mwa msewu chiletsedwe pafupi ndi sukulu. Kodi anawo adzayambira pati kufufuza?

Ambiri adzathamangira ku foni ndi intaneti, ndipo kumeneko adzapeza nkhani za ku America. Adzawerenga kuti m'chaka cha 1948 abale awiri, Richard ndi Maurice McDonald, anakonza sitolo yao ya chakudya ku San Bernardino mwa njira yakuti wogula alandire chakudya chake osadikira, ndi kuti njira imeneyi inafalikira pa dziko lonse. KFC inafika ku South Africa m'chaka cha 1971, ndipo pambuyo pake inafikanso ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Adzamva za buku la Eric Schlosser lotchedwa Fast Food Nation, la m'chaka cha 2001, limene linadzudzula makampani otere chifukwa cha malipiro ochepa a antchito, ngozi za m'malo ophera ng'ombe, ndi kunyengerera ana aang'ono ndi zidole. Adzamvanso za Morgan Spurlock amene anadya chakudya cha McDonald's chokhachokha kwa masiku 30, thupi lake nalemera ndi makilogalamu pafupifupi 11, ndipo kanema wake anatuluka m'chaka cha 2004.

Zonsezi nzoona ndipo nzoyenera kuzidziwa. Koma wophunzira amene angozikopera m'kope mwake ndi kukazilakatula pa tsiku la mtsutso adzakhala wayankha funso la anthu ena. Mwana wa ku Mzimba sadya chipisi katatu pa tsiku, ndipo womugulitsa si kampani ya chuma chambiri, koma mwana wa mnansi wathu amene katundu wake yense ndi chiwaya, chipande ndi chigubu cha mafuta. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa chakudya choyenera. Komanso kafukufuku wina wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mavuto awiriwa angapezeke m'nyumba imodzi, ndipo mtsutso woiwala limodzi la iwo udzatsimphina.

Chotero kufufuza kwenikweni kuyambire pa chiwaya pomwepo. Wophunzira apite ndi kope ndi pensulo, apereke moni mwaulemu monga timachitira kwa aliyense amene tampeza pa ntchito yake, afotokoze chimene wadzera, ndipo ayambe ndi mafuta, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Afunse kuti mafutawo anathiridwa liti, amasinthidwa pakapita masiku angati, kapena amangoonjezerapo atsopano pamwamba pa akale. Ayang'ane yekha maonekedwe ake. Mafuta akatenthedwa kawirikawiri amada, amakhuthala, amachita thovu ndipo amafuka utsi msanga. Zizindikiro zimenezi zitanthauza kuti mafuta aonongeka ndipo mwapangika zinthu zina zosayenera m'thupi la munthu. Vitamini A amene boma linalamula kuti aziikidwa m'mafuta ophikira nayenso amatha mphamvu mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza kapena akakhalitsa pa dzuwa. Mbatata yokazinga ili ndi mphamvu yonenepetsa pafupifupi katatu kuposa yowiritsa ya muyeso womwewo. Za mchere, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti sipuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza bwino. Amene anaonapo m'mene achinyamata amawazira mchere ndi tsabola pa chipisi adziwa kuti theka la muyesowo lingathe pa mbale imodzi.

Koma wofufuza wanzeru adzafunsanso chifukwa chake wogulitsa samataya mafuta akale, ndipo yankho adzalipeza pa mtengo. M'chaka cha 2020 boma linaika msonkho wa VAT pa mafuta ophikira. Msonkhowo unachotsedwa m'chaka cha 2022, komabe chaka chomwecho m'mwezi wa May ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Popeza gawo lalikulu la mafuta amene mafakitale athu amayenga linkachokera kunja, mtengo unakwera koopsa. Mnyamata wa chiwaya akataya mafuta madzulo alionse, phindu lake lonse lapita m'dzala. Akakweza mtengo wa mbale, ogula asamukira kwa mnzake. Ophunzira athu amaphunzira masamu. Awerengetse mtengo wa ndowa ya mbatata, wa lita ya mafuta, wa mtolo wa nkhuni ndi wa chiphaso cha pamsika, aone chotsala. Mtsutso umakoma pamene mbali zonse ziwiri zagwira manambala amene anawo anawapeza okha.

Pano tichenjezeko pang'ono. Pamamveka mphekesera zakuti ena amasakaniza mafuta ophikira ndi mafuta obedwa m'matilansifoma a magetsi. Wophunzira angathe kutchula kuti mphekeserazo zilipo, koma kuloza chala munthu wodziwika popanda umboni ndi miseche, ndipo kungamuonongere malonda munthu wosalakwa.

Mbali yofuna kuletsa idzatchula kolera, ndipo ili ndi chifukwa. Mliri umene unayamba mu March 2022 ndi kupitirira m'chaka cha 2023 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo pa nthawiyo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'masukulu. Komabe amene wamvetsa phunziro la sayansi adzaona kuti kachilombo ka kolera sikapirira moto. Chipisi chotuluka kumene m'mafuta owira sichikhala nako. Ngozi ili mu kabichi ndi tomato wosaphika amene amaikidwa pambali, m'beseni limodzi la madzi m'mene mwatsukidwa mbale za tsiku lonse, ndi m'manja amene alandira ndalama nagwiranso chakudya. Ngati ndi choncho, kodi mankhwala ake ndi kuthamangitsa wogulitsa, kapena kuonetsetsa kuti pamsika pali mpopi, sopo ndi chimbudzi? Funso limeneli lokha lingadye ola lathunthu.

Pasakhalenso woganiza kuti chakudya cha m'fakitale yaikulu, chokutidwa bwino m'pepala lonyezimira, nchosaopsa nthawi zonse. M'zaka za 2017 ndi 2018 ku South Africa anthu oposa 200 anafa ndi matenda a listeriosis, amene gwero lake linapezeka mu polony wa fakitale ina yaikulu ya ku Polokwane. Mabanja ambiri a ku Mzimba ali ndi ana ao ku Joni, kotero nkhaniyi siinali yakutali.

Ulendo wa ku Joni womwewo ndi mfundo yamphamvu ya mbali yokana kuletsa. Mnyamata amene wapeza chochita pa chiwaya sanakwere basi kukafuna ganyu ku dziko la eni. Pambuyo pake pali mlimi wa katofeni, mayi wogulitsa kabichi, wopha mbuzi ndi wa kabaza wonyamula matumba. Woyankha adzaloza nkhalango ya Perekezi imene yavutika ndi otentha makala, nadzafunsa kumene nkhuni za ziwaya zonsezi zichokera. Adzatchulanso majumbo opyapyala, amene lamulo la m'chaka cha 2015 linaletsa koma nkhani yake inatha zaka zambiri m'makhoti, ndi m'mene chipisi chotentha chimaikidwira m'menemo.

Inu makolo, nkhaniyi ikukhudzani kuposa m'mene mungaganizire. Mwana amene wachoka pakhomo m'mamawa osalawa phala, nayenda mtunda wautali, pofika nthawi yopuma njala yamupweteka, ndipo ndalama imene munampatsa idzathera pa chimene chili pafupi ndi chotentha. Ophunzira afunse anzao m'kalasi, popanda kulemba maina, kuti ndi angati anadya asananyamuke, ndi angati amatenga mbatata yowiritsa, chinangwa, nthochi kapena mtedza, ndi angati amachita manyazi kutulutsa kamba wotere pamaso pa anzao. Manyazi amenewa ndi mbali ya nkhani, pakuti kwa achinyamata ambiri mbale ya chipisi ndi chizindikiro chakuti nawonso ndi otsogola.

Kwa aphunzitsi otsogolera mtsutso tili ndi pempho limodzi. Mitsutso ya m'sukulu imachitika m'Chingelezi, ndipo nkoyenera, pakuti ana aphunzire kulankhula. Koma pa mutu uwu pakhale tsiku lachiwiri la Chitumbuka, pamene mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mkulu wa pamsika, makolo ndi anyamata a ziwaya adzaitanidwe kukhala pa mipando ya kutsogolo. Ophunzira awerenge zimene anapeza, ndipo mwini chiwaya apatsidwe mphindi zake zoyankha, zofanana ndi za wina aliyense.