Akatswiri Apima Kulemera kwa Kanthu Kosagwirika

PA ZINTHU zonse zimene akatswiri a sayansi akhala akupima, n'zocepa zimene zawathetsa nzeru monga kanthu kochedwa top quark. Kanthuka sikaoneka ndi maso, sikagwirika, ndipo kamatha nthawi yomweyo kakangopangidwa. Komabe lero kulemera kwake kukudziwika bwino lomwe, kotero kuti kukanakhala kupima thumba la cimanga la makilogalamu 50, sikeloyo ikanaphonya ndi magalamu 100 cabe. Awerengi angafunse kuti: amapima bwanji cinthu cotere, nanga abvutikiranji?

Banja la ma quark

Ciri conse cimene tiona, kaya mwala, madzi kapena thupi la munthu, cinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali phata, ndipo m'phatamo muli maprotoni ndi manyutroni. M'caka ca 1964 Murray Gell-Mann ndi George Zweig, ali yense payekha, ananena kuti maprotoni ndi manyutroni nawonso ali ndi tinthu tina m'kati mwao. Tinthu timeneti ndiwo ma quark.

Lero tidziwa kuti ma quark alipo a mitundu 6, ndipo amakhala awiriawiri: up ndi down, charm ndi strange, top ndi bottom. Awiri oyambawo ndiwo amapanga maprotoni ndi manyutroni. Enawo amaoneka pokhapo pamene tinthu taombana ndi mphamvu yaikuru. Awiri otsiriza anawaneneratu akatswiri a ku Japan, Makoto Kobayashi ndi Toshihide Maskawa, m'caka ca 1973. Bottom quark anampeza mu 1977 ku Fermilab, pafupi ndi mzinda wa Chicago ku America, ndipo pomwepo onse anadziwa kuti mnzake alipo ndithu.

Kusaka kwa zaka 18

Kusakako kunatenga zaka 18. Makina a ku Germany ndi a ku Japan anafunafuna osapeza kanthu. Mu 1984 gulu la UA1 la ku CERN, pafupi ndi Geneva, linaganiza kuti laona zizindikiro zake, koma pambuyo pake zinadziwika kuti sizinali tero. Bvuto linali lakuti top quark ngolemera koposa m'mene ambiri anali kuganizira, ndipo kanthu kakalemera, pamafunikanso mphamvu yambiri kuti kapangike.

Makina amene anakwanitsa nchitoyi ndi Tevatron ya ku Fermilab, njira yozungulira ya makilomita oposa 6, m'mene maprotoni anali kuthamangitsidwa ndi kuombanitsidwa ndi adani ao ochedwa antiproton. Pa kuombana mabiliyoni 10, kamodzi kokha ndi pamene panali kubadwa top quark. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pa 2 Marichi 1995 magulu awiri, CDF ndi DZero, analengeza kuti ampeza.

Kulemera kwa tinthu totere amakuwerenga ndi muyeso wochedwa GeV, ndipo protoni imodzi imaperewera pang'ono pa GeV imodzi. Tsikulo a CDF anati top quark alemera GeV 176, pamene a DZero anati 199. Kusiyana kumeneku kunaonetsa kuti kupeza cinthu ndi nchito ina, kucipima ndi inanso.

Sikelo ya zidutswa

Moyo wa top quark ngwaufupi zedi. Kuti mulembe nthawi yake m'masekondi, muyenera kulemba 0 ndi kadontho, kenaka ma 0 okwana 24, ndipo pothera pake 5. M'kanthawi kameneko ngakhale kuwala, kumene kulibe cina cocipambana pa liwiro, sikungadutse protoni imodzi. Motero palibe makina amene anaonapo top quark mwini wake. Zimene makina amaona ndi zidutswa zake.

Tiyerekeze ndi mbiya imene yasweka usiku, inu osaiona. Mukatola mapale onse ndi kuwaika pa sikelo, mudzadziwa kulemera kwa mbiyayo. Akatswiri amacita cimodzimodzi, koma iwo amapima mphamvu ya cidutswa ciri conse ndi kumene calowera. Popeza Albert Einstein anaonetsa mu 1905 kuti mphamvu ndi kulemera n'zogwirizana, masamu amawabwezera ku kulemera kwa kanthu kamene kasweka.

Kawirikawiri top quark amabadwa pamodzi ndi mdani wake, antitop. Pafupifupi nthawi zonse ali yense wa iwo amasweka pawiri, n'kusanduka bottom quark ndi kanthu kena kochedwa W boson. Bottom quark amasanduka mtolo wa tinthu tambirimbiri tothamangira mbali imodzi, umene akatswiri amaucha jeti. Nayenso W amasweka: kawiri pa katatu amabala majeti ena awiri, ndipo kamodzi pa katatu amabala elekitironi kapena mbale wake wolemererapo, pamodzi ndi neutrino.

Apa mpamene pagona bvuto. Neutrino amadutsa makina onse osasiya phazi. Akatswiri amamdziwa poona mbali imene mphamvu yaperewera, monga mlenje adziwira kumene nyama yalowera poona udzu wogona. Mphamvu ya majeti nayonso njobvuta kuipima mosaphonya, cifukwa tinthu tina timamwazikira kunja kwa mtolo. Pofuna kuongola sikelo yao, iwo amagwiritsa nchito W, amene kulemera kwake, GeV 80.4, kunadziwika kale. Majeti ocokera kwa W akapereka ciwerengero cina, ndiye kuti sikelo yapotoka ndipo iyenera kukonzedwa.

Tevatron inatsekedwa mu 2011, nchito itasamukira kale ku Large Hadron Collider ya ku CERN, njira ya pansi pa nthaka ya makilomita 27 pa malire a Switzerland ndi France. Kumeneko makina awiri akuluakulu, ATLAS ndi CMS, ajambula ma top quark mamiliyoni. Mu 2024 magulu awiriwa anaphatikiza miyeso yao 15 napeza GeV 172.52, ndipo anati kuphonya kwake kungakhale GeV 0.33 mbali iri yonse. Ndiko kunena kuti kanthu kamodzi kameneka kalemera ngati maprotoni 184, pafupifupi atomu yathunthu ya citsulo ca tungsten.

Abvutikiranji?

Cifukwa coyamba ncakuti top quark samanama. Ma quark ena onse amamangana ndi anzao asanasweke, ndipo zizindikiro zao zimasokonezeka. Top quark yekha amasweka asanamangane ndi wina, motero zidutswa zake zimasunga mbiri yake yonse, ngakhale kazunguliridwe kake. Mwa njira imeneyi a ATLAS anaonetsa mu 2023 kuti top ndi antitop amakhala olumikizana mwa njira yodabwitsa yochedwa entanglement, imene inali isanaonekepo pa mphamvu yaikuru cotere.

Cifukwa caciwiri ncacikuru koposa. Tinthu timeneti timalandira kulemera kwao kucokera ku mphamvu ya Higgs imene yadzaza cilengedwe conse, ndipo kanthu kake, Higgs boson, kanapezeka ku CERN mu 2012, kolemera GeV 125. Pokhala wolemera kuposa onse, top quark ndiye amakokana kwambiri ndi mphamvuyi. Akatswiri akaika ziwerengero ziwirizi m'masamu ao, amapeza kuti cilengedwe cathu ciri pafupi ndi malire a kukhazikika kotheratu ndi kukhazikika kwa kanthawi. Top quark akapezeka kuti ngopepuka pang'ono cabe, ndiye kuti maziko a zonse ngolimba mpaka kalekale. Akakhala monga m'mene miyeso ionetsera tsopano, mazikowo angadzasinthe tsiku lina.

Awerengi asade nkhawa, pakuti masamu omwewo aonetsa kuti nthawi yofunika kuti zimenezi zicitike njaitali kwambiri kuposa zaka mabiliyoni 13.8 zimene cilengedwe cakhalapo. Koma funsolo likali losayankhidwa, ndipo yankho lake lagona pa kacigawo kakang'ono ka GeV. Ndico cifukwa cake a CERN akonza zokulitsa mphamvu ya makina ao kuti ca m'ma 2030 azidzaombanitsa maprotoni ocuruka kuposa kale, ndi kupimanso top quark mosamala koposa.