Kutsegula M'mimba kwa Wodwala Khansa Pakhomo

Amayi, mu sewero lija munamva za mayi amene ankasamalira apongozi ake odwala khansa ya khomo la chiberekero yomwe inali itafika posachizika. Ataona chimbudzi cha madzimadzi pa zofunda, anathamangira ku golosale kukagula mankhwala oletsa kutsegula m'mimba. Magulu ambiri omvera wailesi anafunsa kuti: kodi pamenepa analakwa chiyani?

Kodi chimbudzi cha madzi chili chonse ndi kutsegula m'mimba?

Iyayi. Odwala otere ambiri amamwa mofini wochepetsa ululu. Mofini amachedwetsa matumbo, motero chimbudzi chimauma ndi kutseka njira. Kenaka chamadzi chochokera kumtunda chimadutsa m'mbali mwa chouma chija, n'kumachucha pang'onopang'ono wodwala osazindikira. Kumeneku ndi kudzimbidwa, ngakhale maso akuona madzi. Mukamupatsa mankhwala oletsa, monga loperamide, njirayo imatsekeratu ndipo ululu umakula.

Choncho yambani mwakumbukira: chimbudzi chenicheni anachita liti? Ngati papita masiku atatu, mimba yauma gwa, ndipo chotulukacho n'chochepa koma chobwera pafupipafupi, kauzeni anamwino. Iwo adzamuyeza ndi kumupatsa mankhwala otsitsa chimbudzi. Papaya wakupsa amathandizanso. Koma musamuleketse mofini mwa inu nokha. Ambiri amatero poganiza kuti akuthandiza, wodwala n'kuchezera usiku wonse akubuula.

Nanga akatseguladi m'mimba?

Izi zimachitika chifukwa cha mankhwala a khansa, kuwotcha chotupa cha m'chinena ndi makina, maantibayotiki, kuchuluka kwa mankhwala otsitsa chimbudzi, kapena tizilombo, makamaka kwa amene alinso ndi HIV.

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, monga mumachitira ndi mwana. Zikakhalitsa maola 24, tayani n'kukonza zina. Mupatseni pang'onopang'ono ndi sipuni, osamukakamiza, pakuti thupi lofooka silifuna zambiri. Phala, mpunga ndi nthochi zakupsa ndi zabwino. Mkaka, zamafuta ndi tsabola ziyambe zadikira.

Khungu ndilo limaiwalika. Chimbudzi chikakhalitsa pathupi chimayambitsa zilonda zovuta kupola. Nthawi ili yonse akadziyipitsira, msambitseni ndi madzi ofunda, pukutani mosakhula, pakani Vaseline. Yalani pulasitiki pansi pa chitenje. Ngati mulibe magolovesi valani majumbo, ndipo mukatha sambani m'manja ndi sopo. Tulutsani ana ndi kutseka chitseko, pakuti munthu wamkulu amachita manyazi kwambiri, mwina mpaka kukana chakudya poopa kudetsa zofunda.

Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati chimbudzi chili ndi magazi kapena chakuda bii ngati phula, thupi latentha, akusanza mimba ili yotupa, sakukodza, kapena chimbudzi chikutulukira kumaliseche.