Diso limanama: zomwe hockey ingaphunzitse matimu a ana ku Zomba

Mukafika pabwalo la sukulu Loweruka m'mawa, kaya ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi, mudzaona mmene timu imasankhidwira. Ana amaima pamzere, mphunzitsi n'kuloza ataliatali ndi amatupi. Wochepa thupi amauzidwa kuti azitola mpira. Ngati mwana wanu ali m'gulu la otola mpirawo, nkhaniyi ndi yanu.

Ku Canada ndi ku America kuli masewero a hockey ya pa ayezi. M'chaka cha 2005, ligi yaikulu ya NHL idalamula kuti timu iliyonse isalipire osewera ake onse pamodzi ndalama zoposa madola 39 miliyoni pachaka. Matimu olemera sakanathanso kudzikundikira akatswiri onse. Aliyense adayamba kufunsa: wosewera waluso koma wotchipa timupeza bwanji?

Yankho lidapezeka m'manambala. Zigoli zimakhala zochepa, ndipo zina zimalowa mwamwayi. Choncho owerengera adayamba kulemba kuti timu yawombera kangati kugolo pomwe wosewera uje ali m'bwalo, ngakhale osagoletsa, n'kuchotsera kuwombera kwa adani. Muyeso umenewu umatchedwa Corsi, potengera dzina la Jim Corsi, yemwe ankaphunzitsa magoloboyi a Buffalo Sabres. Zidaoneka kuti ena osatchuka, a malipiro ochepa, ndiwo amachititsa kuti timu izipanikiza adani.

Mwezi wobadwa

Chinanso chidatulukira mu hockey momwemo. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa zamaganizo Roger Barnsley ndi anzake adapeza kuti osewera obadwa Januwale mpaka Malichi ndi ochuluka kwambiri kuposa obadwa kumapeto kwa chaka. Chifukwa chake n'chakuti ana amagawidwa potengera chaka chobadwa. Wobadwa mu Januwale amaposa wa mu Disembala ndi miyezi 11, ndipo pa zaka 10 kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Wamkuluyo amasankhidwa, amaphunzitsidwa kwambiri, mapeto ake amakhaladi katswiri. Wamng'onoyo amagwa ulesi n'kusiya.

Onjezani za kutha msinkhu. Atsikana ambiri amatalika mofulumira pa zaka 11 kapena 12, anyamata pa zaka 13 kapena 14, koma ena amachedwa ndi chaka kapena ziwiri popanda vuto lililonse. Wamfupi lero si wamfupi mpaka kalekale.

Kope limodzi ndi lokwanira

Zomba ndi kwawo kwa manambala, pakuti likulu la National Statistical Office lili momwemuno. Koma inu simufunika kompyuta. Kope, tepi yoyezera ndi wotchi ya pafoni zikukwanirani. Lembani zinthu zinayi:

Tsiku lobadwa, kuchokera m'buku la kuchipatala, kuti muziyerekeza ana ofanana msinkhu.

Kutalika ndi kulemera, miyezi itatu iliyonse, monga timachitira kusikelo.

Kugunda kwa mtima. Mwana akangomaliza kuthamanga, gwirani pamtsempha wa padzanja, werengani kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Bwerezani pakapita mphindi imodzi. Yemwe nambala yake yatsika msanga ndiye wopirira. Mwana wozolowera kukwera njira za ku Ku Chawe, m'phiri lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, akhoza kukudabwitsani pamenepa ngakhale ali wochepa thupi.

Ntchito ya m'bwalo. Mnzake wakhala panja azilemba kamzere nthawi iliyonse mwana akapatsira mpira bwino kapena kulanda kwa mdani. Werengani masewero asanu kapena kuposa, chifukwa tsiku limodzi limanamiza.

Nambala ikatsika, funsani chifukwa

Apa ndi pomwe alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya mumafunika. Mwana yemwe ankathamanga bwino akayamba kutopa msanga, musafulumire kumutcha waulesi. Yang'anani zikhatho ndi m'kati mwa zikope: zikayera, mwina magazi achepa. Funsani ngati wadwala malungo posachedwa, ngati amadya asanabwere, komanso ngati akukodza magazi, maka ana osamba m'madzi a m'dera la nyanja ya Chilwa, komwe likodzo ndi lofala. Likodzo limachizika ndi mankhwala a praziquantel. Timu yopanda ndalama ikhoza kubweza wosewera wake wabwino pongomuperekeza kuchipatala.

Koma mwana akakomoka akusewera, akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika kosazolowereka, aleke pomwepo. Pitani naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Ngati kuli kofunika adzamutumiza ku Zomba Central Hospital. Asabwerere m'bwalo asanapimidwe.

Manambala sayeza zonse. Sakuuzani za khama la mwana kapena mmene amamvanirana ndi anzake, ndipo sayenera kukhala chikwapu chonyozera wotsalira. Ntchito yake ndi kukonza pomwe diso lalakwitsa. Loweruka likubwerali, tengani kope, ndipo dzina loyamba kulemba likhale la wotola mpira uja.