Mtengo wa chaka choonjezera kuyunivesite

Dzina la mwana likatuluka pamndandanda wa osankhidwira kusukulu zaukachenjede za boma, banja limakhala pansi n'kuyamba kuwerengera zaka zinayi. Mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Ndirande amadziuza kuti apirira zaka zinayi, malume a ku Chilomoni nawo amalonjeza kuthandiza mpaka mwanayo atavala mkanjo. Koma kwa ophunzira ambiri zaka zinayi zija zimasanduka zisanu, mwinanso kuposerapo, ndipo chaka chomwe sichidali pabajeti ndicho chimasautsa kuposa zinzake.

M'maiko ena, ndalama ya wophunzira wopitirira nthawi ili ndi dzina lake komanso malamulo ake. Ku Germany, kumene mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi kupatula kandalama koyendetsera zinthu pa semesita, zigawo zina monga Lower Saxony ndi Thuringia zimalipiritsa mayuro 500 pa semesita kwa amene wapitirira kwambiri nthawi yoikika. Ku Austria wophunzira amamulekerera masemesita awiri, kenako amayamba kupereka mayuro 363.36 pa semesita. Ku South Africa bungwe la NSFAS, lomwe limalipirira ana ochokera m'mabanja osowa, limalola chaka chimodzi chapamwamba pa zaka za digiriyo, ndipo chikatha thandizo limaima.

Kuno kwathu ndalama ya chaka choonjezera siibwera ngati chindapusa. Imabwera mwakachetechete, ngati fizi ina, lendi ina ndi chakudya cha miyezi ina, ndipo mwina n'chifukwa chake makolo saiona ikubwera.

Masamu ake ndi osavuta. Mu 2023 mayunivesite a boma adakweza fizi, ndipo ku Malawi University of Business and Applied Sciences, yomwe ambiri amangoti Mubas kapena Poly, wophunzira wosankhidwa ndi boma adayamba kulipira K650 000 pachaka, kutanthauza K325 000 pa semesita. Ku Kamuzu University of Health Sciences fizi idafika pa K1 miliyoni. Pamtengo wa ku Mubas uja, digiri ya zaka zinayi ndi K2.6 miliyoni, ndipo chaka chobwereza chimaifikitsa pa K3.25 miliyoni. Pomwe malipiro otsikitsitsa a wantchito adakwera kufika pa K90 000 pamwezi mu February 2024, fizi ya chaka chimodzi idali yoposa malipiro onse a miyezi isanu ndi iwiri, munthu asadagule ufa ngakhale makala. Tsono si maphunziro onse omwe ndi a zaka zinayi: a uinjiniya ku Mubas ndi a zaka zisanu, pomwe a udokotala ku Kuhes amatenga zaka zisanu ndi chimodzi kuphatikizapo chaka chokonzekera.

Kuchedwa kumaliza kuli pawiri, ndipo mtengo wake ndi wosiyana.

Koyamba ndi kochokera m'kalasi. Malamulo amasiyana malinga ndi sukulu, koma njira yake ndi yofanana. Wolephera maphunziro ochepa amapatsidwa mayeso apadera, omwe ophunzira amawatcha sapu. Akalepheranso amanyamula phunzirolo kupita nalo chaka chotsatira, kapena amauzidwa kubwereza chaka. Wolephera kwambiri amachotsedwa, zomwe pakati pawo amati kuwidedwa. Wobwereza amalembetsanso ngati wophunzira wina aliyense ndipo amalipiranso. Choipa kwambiri n'chakuti phunziro limodzi lomwe latsalira m'chaka chomaliza likhoza kumuimika munthu chaka chathunthu, chifukwa maphunziro ambiri amaphunzitsidwa semesita imodzi yokha pachaka. Anzake akuvala mikanjo, iye akudikira kuti semesita ya phunzirolo ibwerenso.

N'kosavuta kunena kuti wobwereza ndi waulesi, ndipo aulesi alipodi. Koma umphawi umalowa m'kalasi limodzi ndi wophunzira. Kuyambira cha m'ma 2015, boma lidasiya kupereka ndalama zapamwezi zomwe ophunzira ake ankalandira, ndipo malo ogona pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira. Amene ali ndi kangachepe amachita lendi ku Chitawira, ku Nkolokosa kapena ku Zingwangwa, komwe akhoza kuyenda wapansi kukafika ku Chichiri. Amene alibe amagonera kwawo. Wa ku Bangwe amakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukweranso ina, wa ku Machinjiri amalawira kusadache, ndipo tsiku lomwe ndalama yoyendera palibe, kalasi limamudutsa. Madzulo anzake ali mulaibulale, iye akuthamangira minibasi kusadade. Wina amapanga bizinesi kuti apeze fizi, bizinesiyo n'kumudyera nthawi yowerenga, mapeto ake n'kubwereza chaka ndi kufunikanso fizi ina. Palinso amene sadalephere mayeso alionse koma adaimika maphunziro chifukwa sadakwanitse kulipira gawo lomwe sukulu imafuna kuti munthu alembetse kapena alowe m'chipinda cha mayeso.

Kuchedwa kwachiwiri sikuchokera kwa wophunzira konse: sukulu imangotsekedwa. Mu 2011, mkulu wa apolisi panthawiyo, Peter Mukhito, atafunsa mafunso mphunzitsi Blessings Chinsinga pa zomwe adanena m'kalasi, aphunzitsi adanyanyala pofuna ufulu wophunzitsa mosaopsezedwa. Chancellor College ku Zomba idakhala pafupifupi miyezi isanu ndi itatu osaphunzitsa, ndipo mkanganowo udagwedezanso Polytechnic. Pa 23 March 2020 sukulu zonse zidatsekedwa kaamba ka Covid-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September. Mu March 2023 namondwe Freddy adakantha Blantyre, n'kuimitsanso maphunziro m'chigawo cha kummwera.

Sukulu ikatsekedwa motere, wophunzira salipira fizi kawiri, poti chaka cha maphunziro chimangopitirira pomwe chidalekezera. Komabe mwininyumba amawerengera miyezi yapakalendala, osati masemesita, ndipo wofuna kusunga bedi lake amalipira ngakhale asakugonapo. Chachikulu n'chakuti mitengo siidikira. Kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wophunzira amene adayenera kumaliza mitengo isadakwere amapezeka akulipira chaka chake chomaliza pamtengo watsopano.

Mfundo imeneyi ndiyo idali pamtima pa mkangano wa ku Polytechnic mu 2016. Chaka chimenecho khonsolo ya University of Malawi idakweza fizi kuchoka pa K275 000 kufika pa K400 000 kapena kuposerapo malinga ndi koleji. Ophunzira atachita zionetsero, Pulezidenti Peter Mutharika, yemwe adalinso mkulu wa yunivesiteyo, adalamula kuti fizi itsike ndi K50 000. Ku Poly nkhani sidathere pomwepo. Kalendala ya kolejiyo idali m'mbuyo, ndipo ophunzira adapita kukhoti kukanena kuti mtengo watsopanowo udali wa chaka cha maphunziro chomwe iwo adali asadachifike. Kolejiyo idakhala yotseka miyezi ingapo nkhaniyo ili mkati, moti mkangano wobadwa chifukwa cha kuchedwa udabalanso kuchedwa kwina. Polytechnic idadzapatuka ku University of Malawi n'kukhala Mubas mu May 2021.

Nanga ngongole ya boma? Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limabwereketsa ophunzira osowa ndalama ya fizi ndi yodzisamalira. Kuipeza ngongoleyi chaka choyamba si chitsimikizo choti ipezekanso chaka chachisanu, ndipo opempha amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo. Amene waipeza ayenera kukumbukira kuti ndi ngongole yobweza. Chaka chilichonse chapamwamba chimakweza ndalama yodzabweza, kwinaku chikukankhira kutsogolo tsiku la malipiro oyamba. Amene waphonya ngongole n'kutsala ndi fizi yosalipira amakumana nayo kumapeto, pomwe sukulu imagwira zotsatira kapena satifiketi yake mpaka atamaliza kulipira.

M'mayunivesite omwe si a boma, kumene ana ambiri a m'matauni a Blantyre amapita akaphonya malo a boma, fizi ndi yokwera kale ndipo kawirikawiri sapu ndi phunziro lobwereza zimakhala ndi mtengo wakewake. A digiri yachiwiri nawo, omwe ambiri amaphunzira kumapeto kwa sabata ali pantchito, amachedwera pa kafukufuku, ndipo m'sukulu zambiri amalipira kuti dzina lawo likhalebe m'kaundula.

Zambiri mwa izi zimalembedwa m'buku la malamulo lomwe wophunzira amalandira akangofika, koma ndi makolo ochepa amene amaliona. M'menemo ndi momwe muli chiwerengero cha maphunziro omwe munthu angalephere asadauzidwe kubwereza, komanso njira yoimikira maphunziro mwadongosolo. Njira imeneyi ndi yofunika kwa banja lomwe ndalama zaphwa pakati pa chaka. Wolembera kalata ofesi ya kaundula nthawi ikadalipo, n'kuloledwa, amasungiridwa malo ake, pomwe wongosowa osanena akhoza kuwerengedwa ngati wolephera kapena wothawa sukulu, ndipo kubwerera kwake kumakhala kovuta.