Galimoto Yosamwa Petulo: Kodi Ingam'thandize Woyendetsa wa ku Kaunda Square?

Mu mzinda wa Lusaka mwayamba kuoneka magalimoto amene samwa petulo kapena dizilo, koma ayenda ndi mphamvu ya magetsi yosungidwa m'batire. Akali owerengeka ndithu, komabe mbiri yao yafika kale m'makomboni, makamaka pakati pa anthu amene nsima ya ana ao icokera pa ciwongolero. Ku Kaunda Square, kum'mawa kwa mzinda pafupi ndi msewu wa Great East, oyendetsa matakisi ndi maminibasi ali ndi funso lalikulu: kodi munthu angasiye galimoto ya petulo imene aidziwa bwino, naika cuma cake conse pa galimoto yacilendoyi?

Cimene cikuwakopa poyamba ndi mtengo wa mafuta. Dziko la Zambia lilibe zitsime za mafuta. Dizilo abwera m'paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968 ndipo iyenda makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, pamene petulo abwera pa magalimoto a mathanki. Zonsezi zigulidwa ndi ndalama zakunja. Mu December 2021 Boma linaleka kuthandizira pa mtengo wa mafuta, ndipo mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi. Kucokera pamenepo woyendetsa takisi anayamba kudikira kutha kwa mwezi ndi mtima uli m'mwamba.

Boma nalo linatsegula khomo. Mu September 2023, powerenga bajeti ya caka ca 2024 m'Nyumba ya Malamulo, Nduna ya za Cuma, a Situmbeko Musokotwane, analengeza kuti msonkho wa kasitomu ucotsedwa pa magalimoto, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, pamodzi ndi zipangizo zochajira.

Mphamvu zake pa msewu

Ambiri aganiza kuti galimoto ya batire ndi yofooka ngati kidole ka ana, koma si tero ai. Ngakhale kale mu 1899, galimoto yoyamba kuthamanga kupitirira makilomita 100 pa ola inali ya magetsi, yoyendetsedwa ndi Camille Jenatzy m'dziko la France. Injini ya petulo iyamba yalira ndi kusinthidwa magiya isanapeze mphamvu, koma ya magetsi ipereka mphamvu yake yonse pomwe phazi laponda. Ilibe klachi, ndipo woyendetsa sasintha magiya. Akacotsa phazi kapena kuponda mabuleki, mbali ina ya mphamvu ibwerera m'batire. Ikaima pa mzere wa magalimoto, monga umene ucitika m'mawa uliwonse pakati pa Munali ndi Manda Hill, sidya kanthu kweni-kweni, pamene ya petulo ingotentha ndalama ili ciimire.

Kwa makanika nakonso ipita kamodzi-kamodzi. Siifuna oyilo wa injini, mapulagi kapena paipi ya utsi. Koma kusalira kwake kuli ndi ngozi: m'tinjira ta m'komboni mmene ana asewera mpira, galimoto yofika mwakacetecete ifuna woyendetsa wa maso.

Kadyedwe kake ndi aka. Galimoto yaing'ono ya petulo imwa malita pafupi-fupi 7 pa makilomita 100. Ya magetsi ya msinkhu womwewo idya mayunitsi a pakati pa 15 ndi 18 pa mtunda womwewo, mayunitsi omwe aja amene anthu agula ku Zesco ndi kulowetsa m'mita ya panyumba. Takisi yoyenda makilomita 150 pa tsiku ifuna tsono malita oposa 10 a petulo, kapena mayunitsi ngati 25. Popeza yuniti ndi yotsika mtengo kutali poyerekeza ndi lita, phindu lioneka poyera.

Bvuto lagona pa kuchaja

Koma walira mvula walira matope. Thanki ya petulo idzaza pa mphindi zisanu. Batire ifuna nthawi. Pa soketi wamba ya m'nyumba, galimoto ilandira mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola limodzi, kotero kuti mayunitsi 25 aja afuna maola ngati 11, ndiwo usiku wonse. Chaja ya pakhoma yoikidwa ndi katswiri wa zamagetsi ithamanga kuposa pamenepa katatu. Makina akulu ochaja mofulumira angathe kufikitsa batire pa magawo 80 mwa 100 ola lisanathe, koma malo otere akali owerengeka m'dziko lino.

Apa ndipo nkhani ya galimoto ikumana ndi nkhani ya mvula, imene mlimi aliyense aidziwa. Magetsi opitirira magawo 80 mwa 100 a dziko lino akhala akucokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Cilala cimene cinaumitsa cimanga ku Petauke ndi ku Katete mu 2024 ndico cinazimitsanso magetsi mu Lusaka. Pa 29 February caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mu March Zesco inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika September madera ambiri anali kukhala mu mdima mpaka maola 21. Woyendetsa wodalira soketi ya panyumba akadapeza mayunitsi ngati 7 pa maola atatu otsalawo, okwanira makilomita 40 cabe. Wa petulo, ngakhale anali kudandaula za mtengo, anali pa msewu tsiku lonse.

Kakhalidwe ka m'komboni nako kali ndi mau pa nkhaniyi. Mwini nyumba wa ku Kaunda Square amene ali ndi bwalo ndi mita yakeyake angathe kulowetsa galimoto madzulo naichaja akugona. Koma wocita lendi, amene agawana mita imodzi ndi mabanja ena, angautse mkangano waukulu galimoto ikamaliza mayunitsi a onse usiku umodzi. Ku Kanyama, Chawama ndi George ambiri alibe ndi bwalo lomwe. Magalimoto ao agona ku malo olipira kumene kuli alonda koma kulibe pochajira. Kukoka nthambo yaitali kudutsa pa njira, makamaka m'dzinja pamene madzi adzaza m'Kanyama, ndiko kuitana imfa.

Ulendo wa kumudzi

Anthu ambiri a m'makomboni a Lusaka ali ndi kwao ku Cigawo ca Kum'mawa, ndipo galimoto iyesedwa pa tsiku la maliro kapena la kukatenga cimanga. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupi-fupi 570. Nissan Leaf ya mu 2017, ya batire ya mayunitsi 40, iyenda makilomita ngati 270 ikali yatsopano. Ingafike pa mlatho wa Luangwa mobvutikira cifukwa ca zitunda za m'njiramo, ndipo isanaone Chipata iyenera kuchajidwa kawiri. Leaf yoyamba ya mu 2010, ya mayunitsi 24, siyenda ngakhale theka la ulendowo.

Ndiponso batire ikalamba, ndipo kutentha kuikalambitsa msanga. Popeza magalimoto ambiri a m'Zambia agulidwa atagwirapo kale nchito ku Japan, wogula ayenera kuyang'ana moyo wa batire asanayang'ane utoto. Pa Leaf pali timizere 12 tosonyeza moyo umenewu. Tikacepa, mtunda nawo wacepa, ndipo batire ndiyo cipangizo codula koposa m'galimoto yonse. Safunsa anadya phula.

Cuma ca m'nthaka

Dziko la Zambia lili ndi gawo lake m'malonda amenewa. Galimoto ya magetsi ifuna mkuwa woposa katatu wa m'galimoto ya petulo, ndipo mkuwa ndiwo cuma ca ku Copperbelt ndi ku Solwezi. Mu April 2022 maboma a Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasaina pangano mu Lusaka lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire. Pa mbali ya magetsi, Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 inatsirizidwa mu 2023, ndipo mu June 2025 ku Chisamba kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 100, amene sadikira mvula.

Motero galimoto ya magetsi iyenera munthu amene ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi wodziwika, monga wa pakati pa Kaunda Square ndi m'tauni, amene ali ndi bwalo, mita yake ndi nthambo zolimba, makamaka ngati ali ndi sola yomuthandiza magetsi akazima. Amene alibe zimenezi, kapena amene msewu wake ndi wa ku Nyimba ndi ku Lundazi, acita bwino kusunga ya petulo kufikira malo ochajira atacuruka m'njira. Asanafunse mtengo wa galimoto, wogula ayambe wadziwa kumene idzadya usiku uliwonse.