Snorkel: chida cha fumbi chimene ambiri amachiyesa cha madzi

Mukaima pamphambano pamene msewu wa ku Cape Maclear umapatukira mu M10, kutatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Monkey Bay, simuchedwa kuona galimoto yokhala ndi chipaipi chakuda chokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kulekeza kudenga. Maambulansi ambiri a Land Cruiser ali nacho. Galimoto za mabungwe nazonso, kuphatikizapo za alendo ochokera ku South Africa amene amabwera atasenza matenti padenga kudzaona paki ya Lake Malawi, ija inakhazikitsidwa mu 1980. Ena amachiyesa chotulutsira utsi, koma ayi, mpweya umalowera mmenemo kupita ku injini. Dzina lake ndi snorkel.

Mukafunsa ntchito yake, yankho limabwera msanga: kuwolokera mitsinje. Sitingawanene anthu poganiza choncho. Amene anaona zimene namondwe Ana anachita mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kuti m'chigawo cha kummwera msewu umatha kusanduka mtsinje usiku umodzi. Mu 2024 nyanja nayo inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe la Mangochi. Komabe dalaivala wopita ku Malembo, ku Msaka kapena kutsidya ku Makanjira amakumana ndi madzi ofika m'boneti masiku owerengeka pachaka, pamene fumbi amalidya kuyambira mvula ikangosiya mpaka kutentha kwa mu Novembala. Apa mpamene paipiyi imabweza ndalama za mwini wake.

Injini imameza mpweya wochuluka kuposa mmene timaganizira. Titenge 1HZ, injini ya dizilo ya masilinda 6 ndi malita 4.2 imene ili m'ma Land Cruiser ambiri kuno. Ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, imakoka malita oposa 3,500 a mpweya pa mphindi yomweyo, kutanthauza migolo ya malita 200 yoposa 17. Tsono pa galimoto yopanda snorkel, mpweya umenewu umatengedwa mkati mwa madigadi, pamwamba penipeni pa tayala lakutsogolo, kapena kuseri kwa nyali. Ndi pamalo pomwe tayala likutifulira dothi. Fumbi la kunyanja kuno lili ndi mchenga, ndipo likadutsa fyuluta nkusakanikirana ndi oyilo limapala malingi ndi makoma a silinda pang'onopang'ono. Mwini galimoto amadzadabwa injini ikuyamba kudya oyilo, kufuka utsi wabuluu ndi kuvuta kulira m'mawa, nkumanamizira dizilo. Kukweza polowera mpweya kufika kudenga sikuthetsa fumbi, makamaka mukamayenda pambuyo pa lole, koma mchenga wolemera sufika kumeneko, ndipo fyuluta imachedwa kutsekeka.

Kumutu kwa paipi ndiko kuli mkangano. Mutu wofala ndi uja woyasamira kutsogolo, wokhala ndi timipata m'mbali totayira madzi a mvula. Ena amautembenuzira kumbuyo akamayenda mondondozana pa msewu wafumbi. Koma kwa amene amakhalira misewu ya dothi, chabwino ndi mutu wozungulira wonga mbale, umene timauonanso pa mathirakitala ndi magiredala; kampani ya Donaldson ya ku America ndi imodzi mwa zodziwika poupanga. Mpweya ukalowa mmenemo umazunguzidwa, fumbi lolemera limaponyedwa m'mbali, woyera nkutsikira pakati, monga mmene mayi amazunguzira lichero kuti miyala ipite kwake mpunga upite kwake. Mitu ina imalavula yokha fumbilo; ina imalisunga m'mbale yoonekera mkati, ndipo madzulo mumangomasula nati imodzi nkukhuthula. Pali enanso amene amaveka mutu wa snorkel chinkhupule chopaka oyilo. Chimagwira fumbi ndithu, koma chimafuna kuchapa pafupipafupi, ndipo pa injini zamakono oyilo wochuluka amatha kudetsa sensa yoyeza mpweya.

Nanga kuika fyuluta yachiwiri mkati mwa paipi, pakati pa mutu ndi bokosi la eyakilina? Ilipo yogulitsa, ndipo ena amaikonda chifukwa sioneka kunja. Kusaonekako ndiye vuto lake. Chinthu chobisika m'madigadi chimaiwalika, chimatsekeka, ndipo injini imayamba kubanika: mphamvu imachepa pa zitunda za ku Golomoti, utsi wakuda umachuluka, dizilo amatha msanga. Fyuluta iliyonse yowonjezera imalanda mpweya pang'ono ngakhale ili yatsopano. Wofuna kuiika aonetsetse kuti ndi yotakata kuposa paipi yake, kuti angaifikire popanda kumasula theka la galimoto, ndiponso kuti siikulowa m'malo mwa fyuluta ya pepala ya m'bokosi. Imeneyo ndiyo mlonda weniweni wa injini. Ndipo pano ndinene za chizolowezi cha m'magalaja ambiri, chopopera fyuluta ya pepala ndi kompuresa mwamphamvu mpaka iwale: mpweya wotero umaboola timabowo tosaoneka ndi maso, fyuluta nkubwerera m'galimoto ikuoneka yoyera koma itasanduka sefa.

Ntchito yoika snorkel ndi yochititsa nthumanzi kwa mwini galimoto, chifukwa imayamba ndi kuboola thupi. Makaniko amamata pepala la muyezo pa madigadi, amakhoma kachizindikiro pakati, kenako amadula chibowo chotakata ngati kukamwa kwa kapu ya tiyi, ndi timabowo tina ta mabawuti. Wodziwa ntchito amasalaza m'mphepete mwa chibowocho nkupakapo penti asanamange kanthu, chifukwa chitsulo chosiyidwa pamtunda chimachita dzimbiri dzinja limodzi lokha. Kenako pamabwera gawo limene kasitomala saliona. Polumikizira paliponse, kuchokera pa paipi kupita pa labala, kuchoka pa labala kulowa m'bokosi la eyakilina, pamafunika silikoni woyenera ndi kalampu yomanga bwino. Pansi pa bokosilo pamakhala kabowo kapena kalabala kotayira madzi ndi fumbi. Kakakhala kong'ambika, madzi a mumtsinje amalowera pomwepo, paipi ya kudenga ili chilili youma. Kuyesa kwake nkosavuta: injini ikulira pang'onopang'ono, tsekani kukamwa kwa paipi ndi thabwa losalala, osati dzanja. Ikabanika nkufuna kuzima, ndiye kuti mpweya ulibe njira ina. Ikapitiriza kulira ngati palibe chachitika, penapake pakupuma.

Amisiri athu satha nzeru, ndipo ena amapanga snorkel ndi mapaipi a PVC a ku hadiweya ndi timakona take. Imagwira ntchito, koma dzuwa la Mangochi limaumitsa PVC mpaka kusweka, ndipo msewu wa mabampu umang'amba molumikizira mwa guluu. Zopangidwa ndi makampani monga Safari ya ku Australia zimakhala za pulasitiki yopirira dzuwa. Wosakwanitsa mtengo wake bola apite kwa wowotcherera amupangire yachitsulo, bola paipiyo isachepere kukamwa kwa bokosi la eyakilina.

Tifike ku madzi tsono. Amakaniko amati injini yamwa madzi, ndipo akatero nkhope ya mwini galimoto imagwa. Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Mu 1HZ pisitoni imafinya mpweya kuposa ka 22, moti ikafika pamwamba malo otsala mu silinda ndi pafupifupi mamililita 32, masupuni aakulu awiri basi. Madzi oposa amenewo akalowa, pisitoni imagunda khoma, koma kulankishafuti sikudziwa zimenezo, ikuzungulirabe. Chimene chimagonja ndi konirodi: imapindika, mwina kuthyoka nkuboola buloko. Zonsezi zimachitika musanaphethire.

Snorkel yomatidwa bwino imatseka khomo limeneli, koma khomo limodzi lokhalo. Toyota imanena kuti Hilux yamakono iwoloke madzi osapitirira mamilimita 700, ndipo Ford imati 800 pa Ranger. Kuika paipi sikusintha manambala amenewa. Difu ikatentha nkumizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira imayamwa madzi kudzera potulukira mpweya wake, ndiye chifukwa chake odziwa amakwezanso timapaipi ta madifu ndi giyabokosi. Fani ikamenya madzi imatha kupindikira mu rediyeta. Oluteneta, sitata ndi kompyuta ya injini nazo zili m'munsi mwa denga. Choopsa kwambiri ndi mphamvu ya mtsinje. A zanyengo ku America amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 30 amakokolola galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amanyamula ngakhale zikuluzikulu. Mitsinje yotsika m'mapiri kupita kunyanja imadzaza mofulumira ndipo imakumba m'mbali mwa milatho yapansi, moti pamene munadutsa m'mawa masana pali dzenje. Ine ndimaopa kwambiri dalaivala wa snorkel kusiyana ndi wa Sienta, chifukwa wa Sienta amadziwa malire a galimoto yake, amazimitsa injini nkudikira madzi aphwe pamodzi ndi a kabaza.

Ngati kuwoloka nkosapeweka, funsani anthu a pamudzipo, amene amadziwa pali mwala, pali dzenje ndi pamene pamakonda ng'ona. Madzi amene munthu sangaimemo osagwa, galimotonso isalowemo. Lolani injini ndi madifu zizizire, tsitsani magalasi, ikani giya yachiwiri ya low range, nkuyenda liwiro limodzi osaponda kilatchi pakati. Mukatuluka, pondani mabuleki kangapo kuti aume, ndipo mukafika kunyumba muone oyilo wa m'madifu. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, asinthidwe sabata yomweyo.

Injini ikazima m'madzi, chotsani dzanja pa kiyi. Kuliza sitata ndiko kumapinda konirodi imene mwina inali isanapindike. Galimoto ikokedwe kumtunda, bokosi la eyakilina litsegulidwe. Fyuluta ikapezeka yonyowa, makaniko achotse ma injekita kapena mahita pulagi, azungulitse injini kuti madzi afwamphukire kunja, asinthe oyilo ndi mafyuluta onse, kenako ndiye ayese kuiliza.