Sikelo yanga ndani amaiyeza?

Tsiku limenelo ndinalowa mumsika mtima uli dyokodyoko. Ndimafuna ndilembe za mavenda amene amaphwanya chitini kunsi kuti nyemba zizilowa zochepa, komanso a butchala amene amaseweretsa sikelo. Ife atolankhani oyima patokha timalandira ndalama pokhapokha nkhani ikatuluka, ndiye nkhani yonyazitsa munthu kwa ife ndi ndiwo.

Ndinayambira pa benchi la mayi wina wogulitsa nyemba ndi mpunga, wamsinkhu wa mayi anga. Nditawafunsa ngati akudziwa anzawo obera makasitomala, anaseka.

"Mwana wanga, usavutike kuzungulira msika. Chitini chophwanya ndinali nacho ine, zaka zitatu zathunthu," anatero.

Mayiwa ndi a Mvano. Ati amavala yunifomu yoyera, kuyimba, kuyendera odwala, chitinicho chili pansi pa benchi. Lamulungu lina la Mgonero abusa anawerenga 1 Akorinto 11:28, pamene Paulo akuuza munthu aliyense kuti ayambe wadziyesa yekha asanadye mkate ndi kumwera chikho.

"Kale ndikamva zimenezi ndimaganiza za mnzanga wamiseche uja. Tsiku limenelo ndinaona chitini changa. Mkate unandikanika kumeza. Lolemba m'mawa ndinakachiponya m'chimbudzi," anatero mayiwo.

Nanga geni? "Phindu linatsika, sindikunamiza. Koma masiku ano ndimagona tulo."

Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Masikelo a m'masitolo amayeza a Malawi Bureau of Standards. Nanga yanu atolankhani, ndani amaiyeza?"

Abale anzanga, ndinasowa pogwira. Ndinakumbuka nkhani imene ndinalemba chaka chatha ya bambo wina wakaunjika, yoti amagulitsa zovala zakuba. Ndinangomva kwa munthu mmodzi, mwiniwake sindinamufunse, ndinathiramo ndi mchere kuti ikome. Makasitomala anamuthawa. Ine ndalama ndinalandira, Lamulungu lake nkukapereka chopereka, mtima uli mbee!

Paja anyani amasekana zikundu. Kulapa kwa ambirife nkwa chisawawa: "Ambuye mutikhululukire zochimwa zathu zonse," basi tathana nazo. Tchimo silitchulidwa dzina. Koma Miyambo 11:1 imatchula sikelo yonyenga mosapsatira kuti Mulungu amanyansidwa nayo. Ndipo Zakeyu wa pa Luka 19 sanangolira misozi ayi. Analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera.

Mayi aja anandiuza m'mene amachitira tsopano. Madzulo akamawerenga ndalama za tsikulo, amadzifunsanso mafunso atatu: Ndanamiza ndani lero? Ndasunga chenje cha ndani? Ndalankhula zotani za mnzanga wa benchi loyandikana nalo? Akapeza cholakwa, m'mawa amayamba kukonza chimenecho asanayale katundu.

Nkhani ya zitini sindinailembe. M'malo mwake ndinakafuna bambo wakaunjika uja. Anasamukira kunja kwa mpanda wa msika, akuyala pansi. Ndinapepesa. Sanandiyankhe, anangopitiriza kupinda malaya, ndipo sindikuwadandaula. Ndapempha mkonzi kuti titulutse mbali yawo, ndipo ndalama ya nkhani ino ndikapereka kwa iwo, ngakhale siyingabweze zimene anataya.

Inu amene mukuwerenga muli pa benchi, musayang'ane kwa mnzanuyo. Suzumirani pansi pa benchi lanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.